Telala Wathu wa pa Boma

Anzanga amene tidaphunzira limodzi, ndani adaiwala a telala aja a pafupi ndi msika wa pa Mangochi Boma? Bambo anga adandiuza kuti mkuluyu adayambira pakhonde la sitolo ya mmwenye, tauniyi ikadali Fort Johnston. Munthu unkagula nsalu m'sitolo, n'kuyezetsa pakhonde pomwepo. Boma la Kamuzu litasamutsira amwenye ku mizinda ikuluikulu m'ma 1970, iwo adatsala ndi makina awo a Singer, nachita lendi kachipinda kawokawo.

Kumeneko ndi kumene tinkasoketsa yunifomu, kawirikawiri ya nsalu ya David Whitehead. Atsikana ankawayeza mosamala, pakuti lamulo la 1973 linkaletsa diresi yoonetsa mawondo. Ramadan ikamatha, ankachezera pa nyali kusoka mikanjo ya Idi. Makolo athu ambiri ankalipira akagulitsa usipa, ndipo mwana sankabwezedwa chifukwa cha ngongole. Ine kabudula wanga wa Sitandade 8 adam'gamba kawiri osalandira ndi tambala yomwe.

Kaunjika atachuluka m'ma 1990, ntchito idatsala yongochepetsa zovala, mpaka shopu idatsekedwa. Sindidapiteko kukathokoza. Amene mukudziwa kumene kuli ana awo, chonde lemberani mkonzi.