Kayezedwe ka mayonezi: magalamu ndi mamililita

Mabotolo ambiri a mayonezi amalembedwa magalamu pomwe malangizo a kaphikidwe amatchula makapu ndi masupuni, zomwe zimasokoneza ophika ndi ogula chakudya cha pamisonkhano.

Mayonezi amapangidwa kuchokera ku mafuta ophikira, mbali yachikasu ya dzira ndi viniga kapena madzi a mandimu. Popeza mafuta ndi opepuka kuposa madzi, lita imodzi ya mayonezi imalemera magalamu pafupifupi 920, osati 1,000.

Motero kapu ya mamililita 250 imalowa magalamu 230, supuni yaikulu ya mamililita 15 magalamu 14, ndipo supuni ya tiyi ya mamililita 5 magalamu pafupifupi 5. Kapu ya ku America ndi yocheperako: imalowa magalamu 220.

Pofuna kupeza magalamu, mamililita achulukitsidwe ndi 0.92, pofuna mamililita, magalamu agawidwe ndi 0.92. Botolo la magalamu 750 limapereka mamililita 815, omwe ndi makapu atatu ndi kota.

Mayonezi a mafuta ochepa amalemererako chifukwa amakhala ndi madzi ambiri, choncho pophikira anthu ambiri sikelo ndiyo yodalirika.