Za Cipembere ca ku Johannesburg

Ambiri a ife tidziwa Joni cifukwa ca migodi imene abale athu anakagwirako nchito. Koma tsono tifuna kukamba za kanyumba kosindikiza mabuku ka m'mudzi womwewo, kamene kanatsegula pakamwa pa anthu otsekedwa mau.

M'caka ca 1966 boma la South Africa linaletsa zolemba za anthu akuda ambiri amene anathawira kumaiko ena, monga Es'kia Mphahlele ndi Lewis Nkosi. Mabuku ao sanaloledwa kugulitsidwa, ngakhale kuchula mau ao m'nyuzi kunali mlandu. Cotero ana a sukulu anakula osadziwa kuti a mtundu wao analembapo kanthu.

M'caka ca 1971 Azungu atatu, ndiwo Lionel Abrahams, Eva Bezwoda ndi Robert Royston, anayamba nyumba yao naicha Renoster Books. Renoster m'cinenero ca Mabunu ndiye cipembere. Dzinalo linali lalikuru, koma cuma cao cinali cocepa ndithu. Abrahams anali wopunduka cibadwire, komatu diso lace linali lakuthwa pa zolemba za anzace.

Buku lao loyamba linali la Oswald Mtshali, Mzulu wa ku Vryheid, amene masiku amenewo anali mthenga woyenda pa njinga yamoto kupereka makalata m'mudzimo. Dzina la bukulo ndilo Sounds of a Cowhide Drum, ndiko kuti kulira kwa ng'oma ya cikopa ca ng'ombe. Munalibe mau otukwana boma. Iye anangoonetsa zimene maso ace anapenya: amuna odikira sitima pa ulendo wa kumigodi, anthu omangidwa cifukwa ca citupa, khanda lotayidwa kudzala. Ife tiyesa kuti mphamvu yace inali pomwepa. Pakuti woweruza akhoza kuletsa mau a ukali, koma adzamuimba mlandu wanji munthu wongonena cimene anaona pamseu? Bukulo linagulidwa koposa umo agulidwira mabuku a ndakatulo, ndipo m'caka ca 1972 a Oxford University Press analisindikizanso.

Koma sanakondwa nalo onse ai. Anyamata ena akuda anadandaula kuti ndakatulozo, zolembedwa m'Cingerezi, zinali kupempha cifundo kwa Azungu, osati kulimbitsa mitima ya eni masautso. Mau aowo sitingawataye, cifukwa ambiri ogula bukulo anali Azungu ndithu.

Buku limene linafuma m'nyumba yomweyo m'caka ca 1972 linali lowawa koposa. Mlembi wace, Mongane Wally Serote wa ku Alexandra, anatsekeredwa m'ndende miyezi 9 kuyambira m'caka ca 1969, namasulidwa wopanda mlandu. Buku lace analicha Yakhal'inkomo, kunena kulira kwa ng'ombe poona zinzace zirikuphedwa, ndipo linalandira mphotho ya Ingrid Jonker m'caka ca 1973.

Cipembereco sicinakhala zaka zambiri. Nyumba zina, monga Ravan Press ndi Ad Donker, zinatenga nchitoyo. Ndipo buku laciwiri la Serote, limene a Ad Donker anasindikiza m'caka ca 1974, boma linaliletsa.