Kubzala Mitengo Kudzera pa Intaneti

Iyi ndi njira imene munthu kapena kampani imatumizira ndalama pa intaneti ku bungwe loteteza chilengedwe, ndipo bungwelo limathandiza midzi ndi njere, machubu ndi zipangizo za nazale. Ecosia ya ku Berlin, yomwe idayamba m'chaka cha 2009, imabzala mitengo ndi ndalama zochokera kwa otsatsa malonda. M'dziko muno, Ripple Africa ku Nkhata Bay ndi WeForest ku phiri la Mulanje amalandira thandizo la anthu akutali m'njira yotereyi.

Kuno ku Dedza, mitengo ya m'nkhalango ya Chongoni ndi m'mapiri ena ikutha chifukwa cha makala, nkhuni ndi moto wolusa. Komabe ndalama zokha sizikuza mtengo. Mbande zowokedwa m'nyengo yobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, zimafunika kupaliridwa, kutchingidwa ku mbuzi ndi kulambuliridwa moto usanabuke.

M'kalata ya Laudato Si' ya 2015, Papa Fransisko adaphunzitsa kuti kusamala chilengedwe ndi udindo wa mkhristu aliyense. Choncho bungwe likafika m'parishi, makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati afunse: malowo ndi a yani, mitengoyo ndi yamtundu wanji, nanga adzaisamalira ndani mvula ikatha?