Kulera

Kulera si kubereka, ndiponso si kukhala mwini. Wolera ndi amene amadziwa kuti phala lazizira mokwanira, amene amadzuka usiku thupi la mwana likatentha n'kumubereka kumsana kupita naye kuchipatala. Ku Karonga mawuwa amavuta chifukwa pa mwambo wa Angonde mwamuna akapereka ng'ombe za malowolo, ana amawerengedwa a kuchimuna, ndiye banja likatha bambo amaona ngati nkhani yatha kale.

Khoti silifunsa za ng'ombe. Gawo 23 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaika patsogolo ubwino wa mwana, ndipo lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limalola kholo lililonse kupempha khoti chilolezo cholera mwana, koma limauza woweruza kuganiziranso kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi wake. Ena amati kumeneku n'kupondereza abambo. Ine ndikukana. Bambo amene waonetsa kuti mwana adya, aphunzira ndiponso atetezedwa m'manja mwake akhoza kupatsidwa mwanayo, ndipo akamanidwa angathe kupempha khoti lomwelo masiku omuona. Chomwe sangachite ndi kutenga mwana n'kukamutula kwa agogo kumudzi, iye n'kubwerera ku Mzuzu, n'kumati akulera.