Kalaliki wa ku Boksburg ndi ulendo wa zaka 33

M'chaka cha 1925, Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu anali pa ntchito imene Anyasa ambiri a ku Joni ankaisirira. Anali kalaliki pa mgodi wa golide wa Witwatersrand Deep ku Boksburg. Anzake akamatsikira pansi m'bandakucha kukaswa miyala m'fumbi lowononga mapapo, iye ankatsala kumtunda ndi cholembera, kulemba za m'komponi ndi kumasulira pakati pa mabwana ndi antchito. Chaka chomwecho anaisiya ntchitoyo n'kukwera sitima ya pamadzi kupita ku America kukakhala mwana wa sukulu ya sekondale, ali munthu wamkulu kale.

Ukalalikiwo sanaupeze chogona. Anachoka kwawo wapansi cha m'ma 1915 n'kukafika ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu ku Zimbabwe, kumene ankasesa m'chipatala. Mu 1917 iye ndi amalume ake, a Hanock Msokera Phiri, analowa m'dziko la South Africa ndipo anayamba agwira ntchito pa mgodi wa malasha pafupi ndi Dundee ku Natal. Kuyambira mu 1913 boma la kumeneko linali litaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto chifukwa chibayo chinkawapha kwambiri, choncho Anyasa ambiri ankalowa mozemba. Kwa mlendo wotere, kuchoka pa tsache n'kufika pa desiki kunali kukwera kwenikweni.

Komabe desikiyo inali pothera. Lamulo la migodi la 1911 linkapangitsa kuti ntchito za luso zikhale za azungu okha, ndipo mu 1922 azungu a m'migodi ananyanyala ntchito mpaka kumenyana ndi asilikali a boma pofuna kuti tsankholo lisachoke. Kalaliki wakuda akanakalamba ali kalaliki. Koleji ya Fort Hare inatsegulidwa mu 1916, koma munthu wakuda wofuna udokotala ankayenera kuoloka nyanja. Mu 1921 Kamuzu anamva James Aggrey wa ku Gold Coast akulankhula ku Johannesburg. Uyu anali Mwafirika wophunzira ku America amene azungu omwe ankakhala chete kumumvetsera.

Njira inatseguka kudzera kutchalitchi. Iye ndi amalume ake analowa mpingo wa anthu akuda a ku America wa African Methodist Episcopal, ndipo Bishopu William Tecumseh Vernon analonjeza kulipira fizi ngati mnyamatayo atadzipezera yekha ndalama ya ulendo. Apa njira za awiriwa zinasiyana. A Hanock Phiri anadzozedwa ubusa n'kubwerera ku Kasungu mu 1924 kukakhazikitsa mpingowo ndi masukulu. Mphwawo analowera ku Ohio.

Maphunzirowo anamudyera zaka 16. Anamaliza pa Wilberforce mu 1928, anadutsira ku yunivesite ya Indiana, n'kutenga digiri ku Chicago mu 1931. Udokotala anautenga mu 1937 pa koleji ya Meharry ku Tennessee. Popeza mapepala a ku America sankakwanira m'maiko olamulidwa ndi Britain, anapitanso ku Edinburgh kumene anapambana mayeso mu 1941.

Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Atafuna kubwera kudzathandiza odwala akwawo, anamwino achizungu a ku Livingstonia anakana kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda. Tsankho limene analithawa ku Boksburg linali likumudikira ku Nyasaland. Anakhala akuchiza anthu ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, kenako mu 1953 anasamukira ku Kumasi m'dziko la Gold Coast.

Mtengo wina unali wa chilankhulo. Ali ku Chicago, Kamuzu ndiye ankayankha mafunso a katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins, amene anasindikiza buku la galamala ya Chichewa mu 1937. Koma atatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 July 1958, munthu yemweyo analankhula kwa anthu ake m'Chingerezi, ndipo kuyambira pamenepo pamisonkhano yake pankaima womasulira. Amene kale ankamasulira ena m'komponi tsopano ankamasuliridwa kwawo. Kumidzi anali nalo kale dzina la anthu opita osabwerako: matchona. Iye anatchona zaka zoposa 40 chichokereni ku Kasungu, 33 mwa izo chisiyireni ukalaliki.

Nkhaniyi n'njosavuta kuiwerenga kuchokera kumapeto: ufulu wa 1964, upulezidenti wamuyaya wa 1971, ndende zodzaza ndi anthu osazengedwa mlandu, ndi kugonja pa chisankho cha 1994. Koma kalaliki wa mu 1925 sankadziwa zonsezi. Mbali ina anali ndi malipiro odziwika, mbali ina lonjezo la bishopu mmodzi. Chimene anachiyeza bwino chinali malire a ntchito yake, pakuti anaona kuti inali yabwino pongoiyerekeza ndi ya anzake a pansi pa mgodi. Chimene sakanatha kuchiyeza chinali njira yobwerera, chifukwa makiyi ake anali m'manja mwa ena.

Aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'mabanki a ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare amene lero alandira kalata ya yunivesite yakunja amadzifunsa mafunso awiri omwewo: ntchito ndili nayoyi ikathera pati, nanga ndikadzamaliza adzanditsekulire khomo ndani? A Hanock Phiri anasankha kubwerera msanga ndi zochepa zimene anali nazo, ndipo ana a ku Kasungu anapeza sukulu m'ma 1920 momwemo. Dokotala wawo anamudikira mpaka 1958, ndipo atafika analowa ndale.