Kugawana fayilo n'kutsegula chitseko

Mawu akuti kugawana amatisocheretsa akafika pa kompyuta. Mukagawana mtanda wa nsima, mnzanu amanyema theka, inu n'kutsala ndi theka. Koma mukadina pomwe palembedwa share pa foda ya zithunzi za ukwati, palibe chachoka. Zithunzizo zili pomwe zinali. Chimene mwachita n'kutsegula chitseko cha chipinda n'kulengeza kwa makina onse a m'nyumbamo kuti angathe kulowa. N'chifukwa chake mawu ambiri a luso limeneli ndi a pakhomo: adiresi, khomo, mlendo, chilolezo.

Mpanda wa nyumbayo ndi rauta, kabokosi kothwanima timagetsi kaja. Iko kamapatsa foni, laputopu ndi pulinta iliyonse nambala yake, kawirikawiri yoyamba ndi 192.168. Manambala amenewa anapatulidwa kuti azigwira ntchito mkati mwa mpanda mokha, malinga ndi chikalata cha akatswiri a intaneti cha mu 1996. Aneba anu angathe kukhala ndi 192.168.1.5 ngati inu, popanda kusokonezana, monga mmene "nyumba yachitatu kuchokera pa mjigo" imapezekera m'midzi yambirimbiri. Pasiwedi ya Wi-Fi ndiyo loko wa pageti. Loko wakale wotchedwa WEP amathyoka m'mphindi zochepa. Wa WPA2, wa mu 2004, kapena WPA3, wa mu 2018, ndiye wodalirika.

Makina awiri kuti apatsane fayilo ayenera kumvana chilankhulo, chomwe akatswiri amati protocol. Chofala m'nyumba zambiri ndi SMB, chimene Barry Feigenbaum anayambitsa ku kampani ya IBM mu 1983, kenako Microsoft n'kuchiika mu Windows. Mu 1992 Andrew Tridgell, wophunzira pa yunivesite ku Canberra m'dziko la Australia, anatulutsa pulogalamu yothandiza makina a Unix kulankhula chilankhulo chomwechi. Dzina lake analipeza posaka mu dikishonale mawu okhala ndi zilembo s, m ndi b, ndipo anagwera pa Samba. Ife tikamva timaganiza za ndowa ndi sopo, koma ndi pulogalamu imeneyi yomwe imachititsa kuti Linux ndi Windows azidyera mbale imodzi. Apa m'pamenenso pamabwera mawu oopsa kumva akuti seva. Seva si chimakina chachikulu cha mu ofesi ayi. Ndi udindo chabe. Laputopu yakale ya bambo ikatsegula foda kuti ena aone, yasanduka seva basi.

Kompyuta iliyonse ili ndi makomo zikwizikwi okhala ndi manambala, otchedwa port, ndipo SMB imadikira alendo pa khomo 445. Khomo limeneli lili ndi mbiri. Pa 12 Meyi 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inalowera pomwepa, kudzera pa mng'alu wa SMB1, mtundu woyamba wa chilankhulochi, ndipo inafalikira m'mayiko oposa 150. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala chifukwa makompyuta anali atatsekeka. Chowawa n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba cha mng'aluwo mu Malichi chaka chomwecho, miyezi iwiri m'mbuyo. Anthu anangozengereza. Kwa ine, uthenga wa update umene timaukankhira mawa tsiku lililonse, poopa kutha kwa bandulo, ndi wofunika kuposa antivirus yodula. SMB1 njoyenera kuizimitsa, ndipo khomo 445 lisamatsegulidwe pa rauta kuloza kunja.

Mtundu wa SMB3, wa mu 2012, unabwera ndi encryption, kutanthauza kusokoneza zolembedwa kuti wozigwira panjira aone zinyalala zokhazokha pokhapokha ali ndi kiyi. Mpeni womwewo ndi umene akuba amagwiritsa ntchito: WannaCry inkasokoneza mafayilo a mwiniwake n'kumulipiritsa kuti apatsidwe kiyi.

Mawu amene ndimaona kuti anthu amawapeputsa kwambiri ndi awiri aang'ono, read ndi write. Chilolezo chowerenga chimalola munthu kutsegula fayilo ndi kukopera. Chilolezo cholemba chimamveka chosalakwa, ngati kubwereketsa cholembera, koma mkati mwake muli kusintha, kulemba pamwamba pa zakale, ndipo kawirikawiri kufufuta komwe. Ndipo chilolezo sichipita kwa mwana wanu monga mumamudziwira, chimapita kwa akaunti yake. Mwanayo akatsitsa gemu yaulere yokhala ndi kachilombo, kachilomboko kamayenda ndi mphamvu zonse za akauntiyo, kuphatikizapo zolemba mu foda ya malisiti a bizinesi ya mayi ake. Palinso msampha wina pa Windows: mukafufuta fayilo mu foda yogawana kuchokera pa kompyuta ina, nthawi zambiri siipita mu Recycle Bin. Imangosowa.

Pamndandanda wa opatsidwa chilolezo pamapezeka dzina lakuti Everyone, kutanthauza aliyense, ngakhale mlendo. Pachikhalidwe chathu kumana mlendo n'kochititsa manyazi, ndipo pasiwedi ya Wi-Fi timaipereka ngati madzi akumwa: kwa mlamu, kwa wokonza magetsi, kwa anzake a mwana. Mlendo ndi mame, inde, koma foni yake imakumbukira pasiwediyo, ndipo chaka chamawa ikadzangoyandikira mpanda idzalumikizana yokha. Marauta ambiri ali ndi guest network, ngati mphasa ya pakhonde: mlendo amapeza intaneti koma saona makina a m'nyumba. Windows nayo imakulolani kusankha ngati netiweki ndi Private kapena Public. Mukasankha Public, kompyuta imabisala. Ndilo yankho loyenera ku hotelo kapena kubwalo la ndege.

Tsono foda yogawana si backup. Ndi fayilo imodzi yomweyo yooneka pa mawindo angapo, ndipo ikaonongeka yaonongeka kwa onse. Ngakhale sync, imene imasunga makope ofanana pa makina awiri, imakopera ndi zolakwa zomwe: mukafufuta kuno, uko kumafufutikanso. Backup yeniyeni ndi hadi disiki ija imene mumalumikiza Loweruka madzulo, kukopera zonse, kenako n'kuizula n'kuiika m'dilowa, momwe mulibe adiresi ya 192.168.