Makwerero Oyesera Moyo wa Munthu

Omvera athu, cimanga timaciyesa ndi debe, nsaru ndi mkono. Nanga ubwino wa moyo wa munthu tingauyese ndi ciani? Maboma afunsa funso limeneli kwa zaka zambiri, pakuti boma losadziwa ngati anthu ace akhala bwino lingathe kumwaza ndarama pa zinthu zosawathandiza.

Poyamba anzeru anawerenga cuma. M'caka ca 1934 Simon Kuznets anapereka ku nyumba ya malamulo ya America ciwerengero ca ndarama zonse zimene dziko lija linapeza, koma iye mwini anacenjeza kuti ubwino wa mtundu wa anthu sudziwika ndi ciwerengero cotere cokha. Makolo athu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono Hadley Cantril, wa ku Princeton, anaona bvuto lina. Cimene mlimi wa ku India acitcha moyo wabwino sicifanana ndi cimene kalaliki wa ku Brazil acifuna. Ndipo ofunsa akabwera ndi muyeso wa kwao, ayesa munthu ndi mwambo wa eni ena. Cifukwa cace anayamba kufunsa munthu yense kuti afotokoze yekha zimene alakalaka ndi zimene aopa. Atatero anamuonetsa cithunzi ca makwerero, pansi 0 ndi pamwamba 10, namuuza kuti pamwamba ndiwo moyo wokoma koposa umene iye angauganizire, pansi ndiwo woipa koposa, namfunsa pamene waima lero. Anafunsa cotere m'maiko oposa khumi, monga Nigeria, Egypt, Cuba ndi India, nalemba zimene anapeza m'buku lace la 1965, The Pattern of Human Concerns.

M'caka ca 1974 Richard Easterlin anagwiritsa nchito mayankho ameneŵa pamodzi ndi ena, naona kuti m'dziko limodzi olemera amati akondwa kuposa osauka, komabe cuma ca America citacuruka, cimwemwe ca anthu ace sicinakwere naco.

Makwerero aja anakhalabe. Bungwe la Gallup liwagwiritsa nchito pofunsa anthu m'maiko oposa 140, ndi Zambia yemwe, ndipo mayankho ndiwo maziko a World Happiness Report, imene inayamba kutuluka m'caka ca 2012. Finland anakhala woyamba mu 2018 ndi zaka zotsatira.

Koma mlandu sunathe. Pali mitundu imene munthu acita manyazi kudziika pamwamba, nasankha pakati ngakhale akhala bwino. Ndiponso makwerero akumbutsa ambiri za cuma ndi ukuru, osati za mtendere wa mumtima. Kotero mu 2020 Gallup anaonjeza mafunso a mtendere ndi kukhazikika kwa moyo, zinthu zimene anthu a Kum'mawa kwa Asia aziyesa zazikuru.

Inu omvera, mukamva kuti dziko lakuti liposa lina pa cimwemwe, yambani mwafunsa kuti anthu ace anafunsidwa ciani, ndi m'cinenero canji.